Katekisiti Wopanda Mawu

Lolemba, 5 Meyi

Andigoneka m'chipatala. Ndinabwera kudzangopimitsa pakhosi, nditavala jekete la ku tchalitchi, poganiza kuti pofika masana ndikhala nditabwerera. Adokotala analowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno mwanga n'kukatsitsira kukhosi. Anayang'ana pa kanema nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti, "Bambo, mawuwa anayamba liti kusasa?" Ine ndinati mwina miyezi itatu. Mayi a kunyumba, ali pampando wa pakhomo, anati, "Adokotala, chaka chatsala pang'ono kukwana. Munthuyu saulula."

Pali chotupa pa kholingo. Chayamba kutseka njira ya mpweya, n'chifukwa chake sakundilola kubwerera kunyumba. Mawa adula kanyama kuti akapime.

Ndili mu wodi ya amuna, bedi la pazenera. Mayi abweretsa chikwama: zovala, sopo, kolona, kope lino, ndi buku langa la moyo wa oyera mtima, lija lothothoka chikuto.

Ndakhala katekisiti zaka makumi atatu. Odwala ndawayendera ambiri ndipo zowauza sindinkasowa. Koma kugona pabedi la chipatala n'koyamba. Denga ukamaliona chagada limaoneka pafupi.

Lachiwiri, 6 Meyi

Osadya chilichonse kuyambira m'mawa. Anandigoneka ndi mankhwala, ndadzuka pakhosi pakuwawa ngati ndameza mchenga. Zotsatira akuti sabata yamawa. Kuthamanga kwa magazi 150/90. Mapiritsi opha ululu awiri, katatu patsiku. Adokotala ati ndichepetse kuyankhula. Mayi aseka.

Lachinayi, 8 Meyi

Pabedi la kumanja kwanga pali makanika. Galimoto inaterereka pa jeke n'kumuphwanya mwendo, moti amubaya zitsulo kuchokera pabondo mpaka pakakolo. Ndi munthu wa zaka ngati makumi anayi, wa pakamwa posatseka. Dzulo anandiyang'ana tsiku lonse, lero walephera kupirira.

"Abusa, bukulo ndi Baibulo?"

"Sindine m'busa, ndine katekisiti."

"Ndiye kuti chiyani?"

Ndinamufotokozera monong'ona kuti ndimaphunzitsa ofuna kubatizidwa, ndipo ansembe akakhala kulibe ndimatsogolera mapemphero.

"Oo, ndamva. Ndinu tayala la sipeya."

Wodi yonse inaseka. Kuyambira pamenepo ndine a Sipeya. Ndinafuna kukwiya, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti palibe amene anafotokozapo ntchito yanga momveka chonchi.

Iye si Mkatolika. Akuti ku tchalitchi kwawo anapitako komaliza pa ukwati wake. Wandipempha kuti ndimuwerengere, poti foni yake yatha batire ndipo soketi ya wodi ndi imodzi. Ndamuwerengera za dikoni uja amene anamuwotcha pa chitsulo chamoto, amene amati ali pamotopo anachitabe nthabwala ndi omuphawo. Makanika wati, "Ameneyo ndikanagwirizana naye."

Loweruka, 10 Meyi

Sikani ya pakhosi ndi pachifuwa. Amakubaya mankhwala pamkono, thupi lonse limatentha kamphindi, kenaka umalowa m'makina ozungulira. Amakuuza kuti osameza malovu. Munthu akangokuletsa kumeza, malovu amadzaza mkamwa.

Masana ndamuwerengera makanika za episikopi amene anapulumutsa mwana wotsamwidwa ndi munga wa nsomba. Ndi woyera amene timamupempha pa matenda a pakhosi. Chaka ndi chaka ndimagwirizira ansembe makandulo awiri podalitsa makosi a akhristu, ndipo langa limadalitsidwa pomaliza.

Makanika wafunsa kuti, "Nanga inu zakuvutani bwanji? Mwina makandulo amakhala atatha mphamvu akamafika pa inu."



Kenaka wati, "Koma a Sipeya, anthu anuwa onse akungofa. Wina kumudula mutu, wina kumuwotcha, wina chifuwa. Palibe amene anachira n'kubwerera kwawo kukavutitsa mkazi wake?"

Ndatsegula masamba, ndatsegula. Alipo amene anafa ndi ukalamba, koma ndazindikira kuti amene ndinkakonda kuphunzitsa ndi ophedwa okhaokha. Nkhani zawo zimakoma pokamba.

Lachitatu, 14 Meyi

Zotsatira zabwera. Ndi khansa.

Adokotala anatiitanira m'kachipinda kawo, ine, mayi, ndi mwana wathu wachisamba amene anapempha tchuthi kuntchito. Anajambula khosi papepala. Chotupa chalowa mpaka m'chichereŵechereŵe cha kholingo, koma m'mapapo mulibe kanthu. Ati kuwotcha kokha ndi makina sikungakwanire. Njira imene akuiona ndi kuchotsa kholingo lonse. Ndizipumira pa bowo limene adzasiye pakhosi. Kudya ndizidya. Mawu sadzakhalapo.

Mwana anafunsa kuti, "Kwa nthawi yaitali bwanji?"

Adokotala anati, "Mawu amene mukuwadziwawa sadzabweranso. Pali njira ina yoyankhulira imene ena amaphunzira, koma si yoimbira nyimbo."

Ndinafunsa kuti ndikakana chichitike n'chiyani. Anayankha mosazungulira: miyezi, ndipo yotsirizayo njovuta.

Ndinati ndikaganize. Ndinawathokoza mwaulemu, ngati andipatsa mphatso.

Lachinayi, 15 Meyi

Sindinawerenge. Sindinapemphere. Kolona ndinaigwira koma zala zinaima pa mkanda woyamba.

Ndauza mayi kuti opaleshoni sindikuifuna. Mulungu anandipatsa chida chimodzi. Sindidziwa kupala matabwa, sindidziwa kugulitsa, kulima ndimalima mwamwambo chabe. Ndimadziwa kuima patsogolo pa anthu n'kuyankhula, ndi kuyambitsa nyimbo pa maliro pamene onse atsamwa ndi misozi. Akachotsa zimenezo, chotsala n'chiyani? Bola ndipite ndili wathunthu.

Mayi anasenda nthochi, anaidula tizidutswa, n'kundipatsa.

Kwa zaka zonsezi ndauza odwala kuti, "Senzani mtanda wanu mokondwa ngati oyera mtima." Ndinkanena ndi mtima wonse. Lero wina akandiuza mawu amenewo ndingamugende ndi kapu.

Lachisanu, 16 Meyi

Kumabwera asisitere okalamba kudzapereka Ukaristia kwa odwala. Ndi aafupi, amayenda chotsimphina, chikwama chakuda pakhwapa. Atamaliza kundipatsa anakhala pabedi osapempha, n'kutenga buku langa.

"Limeneli nanenso ndinakula nalo," anatero. "Amene analemba mabuku otere anawachapa oyerawo, kuwasita, n'kuwapinda bwinobwino. Munthu sungadziwe kuti ankatuluka thukuta."

Ndinawauza kuti ndikulephera kupemphera, ndipo ndili ndi mkwiyo.

"Mwakwiyira ndani?"

Ndinaloza kumwamba ndi chala, ngati mwana woneneza mnzake.

"Ndiye muuzeni. Mukuganiza kuti sakudziwa?" Anabweza bukulo. "Ine kunyumba kwathu ndimasamalira masisitere okalamba. Mmodzi amene ndingalumbire kuti ali kumwamba anamwalira akukalipa kuti tiyi wazizira. Moyo wake wonse anasambitsa anthu amene abale awo ankawanyansidwa nawo. Koma tiyi wozizira sankamufuna."

Ndinafunsa ngati kukana opaleshoni kuli tchimo. Anati, "Zimenezo funsani ansembe. Ine funso langa ndi lina: mukukana chifukwa mwakonzeka kukaonana ndi Mulungu, kapena chifukwa simukufuna kuti anthu akuoneni muli chete?"

Anatenga chikwama n'kupita pabedi lina. Makanika anaimba likhweru.

Ndi zoona kuti ena mwa oyerawa analemba okha za zaka zimene pemphero linawaumira mkamwa, osamva kukoma kulikonse. Masamba amenewo ndikuwadziwa. Pophunzitsa ndinkawadumpha, poopa kufooketsa anthu.

Loweruka, 17 Meyi

Masana ndinatsamwa. Makhololo anakakamira pamene pali chotupa, mpweya osalowa, osatuluka. Kukuwa sindikanatha. Makanika ndiye anaona, anamenya kabati ndi kapu yachitsulo mpaka anamwino anathamanga. Mpweya wa m'botolo, jakisoni wochepetsa kutupa, mankhwala opumira a nthunzi.

Ndilembe zoona. Pa nthawi imeneyo sindinakumbukire woyera ngakhale mmodzi. Sindinapereke mzimu wanga m'manja mwa wina aliyense. Ndinkangofuna mpweya, ngati mbuzi.

Wokonzeka kufa uja si ine.

Lamulungu, 18 Meyi

Akhristu a mphakati wathu anabwera atatuluka Misa, gulu lonse, ndi malalanje, buledi, shuga. Anaimba nyimbo pansipansi. Wapampando anati, "Akatekisiti, inu ndi amene mumatilimbikitsa, ife tikuuzeni chiyani?" Onse anandiyang'ana kudikira kuti ndinene kanthu kokoma. Ndinanena. Pakamwa panazolowera, pamatha kuyenda pokha mtima uli kwina.

Atapita, mayi anatseka katani wozungulira bedi. Anali atamva za dzulo kwa anamwino.

"Bambo, ndiyankhule?"

"Yankhulani."

"Mawu anuwo ndawamva kuyambira ndili mtsikana. Ku tchalitchi mawu anu, ku maliro mawu anu, kunyumba mawu anu, ngakhale kutulo mumalalikira. Andikwana. Ine ndikufuna munthu woti ndizimuikira madzi osamba. Ndikufuna ndikaphika ndiziika mbale ziwiri. Akhristu apeza katekisiti wina mwezi usanathe, mukudziwa inunso. Nanga ine ndikapeza kuti wina wondisowetsa mtendere ngati inu?"

Misozi inali ikutsika koma mawu sanagwedere. Chikwatiraneni sindinawamvepo akuyankhula motalika chotero.

Ndinati, "Mudzatopa nane, munthu wa bowo pakhosi."

"Ndinatopa nanu kale. Palibe chachilendo."

Lolemba, 19 Meyi

Ndavomera. Opaleshoni Lachitatu. Atenga magazi, ajambula mtima, andiyeza sikelo: makilo 58. Mwana wapereka magazi oti adzandiike akafunika.

Lachiwiri, 20 Meyi

Tsiku lotsiriza la mawu. Ndinadzuka ndikuwawerengera ngati mchere wotsala m'botolo.

Bambo mfumu anabwera m'mawa. Ndinalapa, anandidzoza mafuta a odwala. Sanachulutse zonena, ndipo ndawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

Mwana anabwera ndi foni kuti ajambule mawu anga. Ndinanena Atate Athu. Ndinayesa nyimbo imodzi ya pa maliro, koma inatuluka ngati chitseko cha dzimbiri, ndinalekera pakati. Ndinadalitsa ana onse mmodzimmodzi. Kenaka kamdzukulu kanga kakakazi kanaimba foni, kakuti, "Agogo, lirani ngati mbuzi." Ndimakachitira zimenezi tikamasewera. Ndinalira. Ndi mawu osasawa inatuluka mbuzi yeniyeni, moti bambo wa bedi la kukhomo anadzuka kuyang'ana. Zonse zili mu foni.

Mayi ndinawauza zimene ndinawauza. Sizolemba muno.

Makanika wati, "A Sipeya, bukulo musadandaule, ndizikuwerengerani ine. Sukulu ndinalekeza panjira koma zilembo ndimazidziwa."

Ndakonza mawu anga otsiriza. Potuluka mu wodi mawa ndidzati, "Yesu, Maria, ndili m'manja mwanu," ndipo ndikatero ndidzatseka pakamwa. Munthu amene wakhala akuwerenga mawu otsiriza a oyera mtima moyo wake wonse ayenera kukonzekera ake.

Loweruka, 24 Meyi

Ndili moyo. Kholingo palibe. Chubu m'mphuno chodyera, timapaipi tiwiri pakhosi totulutsa magazi, diripi. Mutu sungatembenuke.

Lamulungu, 25 Meyi

Ululu. Jakisoni maola anayi aliwonse. Makina okoka makhololo pabowo amalira ngati mwana akuyamwa chakumwa chotsala m'botolo. Ndikatsokomola, chifuwa chimatulukira pakhosi. Dzanja limathamangirabe pakamwa.

Lolemba, 26 Meyi

Andibweza ku wodi, bedi lomwe lija. Mwana wandigulira kabolodi koyera ndi cholembera chofufutika.

Choyamba kulemba chinali cha makanika, poti anafunsa ngati mawu otsiriza aja ndinawanena. Ndinawanena. Pakhomo la wodi, momveka, mayi ali pambali, ndipo anamwino oyendetsa bedi anati amen. Ndinatseka pakamwa njira yonse. Koma titafika m'chipinda cha opaleshoni, dokotala wogonetsa anawerama n'kundifunsa kuti, "Bambo, muli ndi mano oikirira?"

Ine osaganiza ndinayankha kuti, "Ayi, onse ndi anga."

Basi. Anandiika chophimba kumphuno.

Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa kuti zonse n'za Mulungu, mawu anga otsiriza padziko n'kukhala akuti onse ndi anga. Makanika anaseka mpaka zitsulo za mwendo zinamupweteka. Nanenso ndinaseka, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti kuseka kwanga kulibenso phokoso. Mapewa okha ndi amene amagwedezeka.

Lachitatu, 28 Meyi

Achotsa timapaipi ta magazi. Kutentha thupi 38.2, awonjezera mankhwala m'diripi. Chakudya ndi phala lamadzimadzi ndi mkaka, zolowera pa chubu. Fungo sindikumva, ngakhale la malalanje amene mayi amasenda pafupi.

Asisitere abwera. Ukaristia sindingalandire, poti palibe chololedwa kudutsa pakamwa mpaka bala la mkati litapola. Anandilemba mtanda pachipumi, anakhala pampando. Ndinadikira kuti ayankhule. Sanayankhule. Anangokhala, manja pachikwama, kuyang'ana pazenera pamene wina ankayanika mabulangete. Tinakhala choncho nthawi yaitali. Ponyamuka anandigwira chala chakuphazi, n'kupita.

Ine poyendera odwala sindinkalola kuti pakhale zii. Ndikangoona kuti pali chete, ndinkathirapo vesi. Ndinkaganiza kuti ndiyo ntchito.

Kupemphera ndi milomo kukundisokoneza, chifukwa milomo ikuyenda koma sindikudzimva. Ndangosiya. Ndimagona, ndimapuma pabowo, ndimati Iye akundiona. Kaya limeneli ndi pemphero, sindikudziwa.

Lachisanu, 30 Meyi

Makanika akusunga lonjezo. Amawerenga mokweza ngati akuitanira basi, mayina achilendo amawapotoza, ndipo amathiramo ndemanga. Za mayi uja amene analirira mwana wake wolowerera zaka zambiri mpaka anatembenuka mtima, wati, "Awa ndi amayi anga enieni, kungoti ine sindinatembenuke." Lero anafika pa kalipentala amene analera Ambuye. Anawerenga tsamba lonse, n'kulitembenuza kuyang'ana kuseri.

"Nanga iyeyu ananena chiyani?"

Ndinalemba kuti: Palibe mawu ake amene analembedwa.

"Ngakhale amodzi? Ndiye ndi mnzanu ameneyu."

Pabedi la kumanzere abweretsa bambo wokalamba, telala. Matenda a m'mimba, afika pamene madokotala amangochepetsa ululu. Ndi woonda ngati ndodo, koma maso ndi akuthwa. Atangofika anayang'ana malaya anga ogonera n'kunena kuti amene anasoka kolala ameneyu ankathamangira kwina. Amawadikirira ndi mwana wawo wamkazi. Makanika akamawerenga, atelala amatembenuzira khutu kuno.

Lamulungu, 1 Juni

Kutentha kwatsika, 37.1. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde mayi atandigwira mkono. Andiphunzitsa kupukuta bowo ndekha pagalasi. Poyamba ndinatseka maso. Anamwino anati, "Bambo, ndi mphuno yanu yatsopano imeneyi, muizolowere."

Atelala andifotokozera za moyo wawo, poti ine ndiye womvera wabwino mu wodi muno tsopano. Akazi awo anali Mkatolika. Iwo ayi, sanabatizidwe kulikonse. Lamulungu lililonse ankawaperekeza mpaka pachipata cha tchalitchi, n'kukhala pa benchi panja kudikira Misa ithe. Madiresi onse a kwaya ankasoka ndi iwo, koma kulowa ayi.

"Sindinkadana nazo," anatero. "Kungoti ndinkati ndilowa chaka chamawa."

Akaziwo anamwalira chaka chatha. Iwo anayamba kalasi ya ubatizo ku parishi yawo, koma anangopitako miyezi iwiri, matenda n'kuwagwetsa.

"Mwati ndinu wophunzitsa zimenezi. Munthu wa miyezi iwiri amamulola?"

Ndinalemba kuti: Mukufuna?

Mwana wawo anawawerengera. Atelala anati, "Ndikufuna ndikalowe kumene analowa mayi ake a uyu. Pa benchi ndakhalapo mokwanira."

Tagwirizana kuti mwanayo auze wansembe woyendera chipatala, amene amabwera Lachinayi.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndilemba zonse.

Masana, nthawi ya alendo itangoyamba, atelala anasintha. Kupuma kunayamba kudukiza, zala kuzizira. Anamwino anawayeza, anaitana mwana wawo pambali, ndipo nkhope yake pobwera inanena zonse. Anaimbira wansembe wa chipatala, foni inali yozima. Mayi anaimbira bambo mfumu athu, anali ku maliro kutali, akuti sangafike dzuwa lisanalowe. Asisitere sabwera Lachiwiri.

Atelala anatsegula maso, anandiyang'ana ine. "Aphunzitsi," anatero, "Lachinayi lija latalika."

Zimenezi ndaphunzitsa kosawerengeka: munthu akakhala pafupi kufa, wansembe palibe, aliyense angathe kubatiza. Pamafunika madzi, mawu, ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita. Koma wothira madzi ndi amene ayenera kunena mawuwo. Ndinadzuka, ndinatenga kapu, ndinatsegula pakamwa. Panatuluka mphepo pabowo.

Ndinaima pamenepo ndi kapu m'manja. Sindinamvepo umphawi wotere.

Mwana wa atelala anali atagwada, akulira, sakanatha. Makanika anati, "Ine ndingayese, koma mwendowu sundilola kufika." Ndinatembenukira kwa mayi. Anabwerera m'mbuyo.

"Ine ayi, bambo. Ine sindinaimepo kutsogolo. Ndilakwitsa."

N'zoona. Mayi ku tchalitchi amakhala benchi lachitatu kuchokera kumbuyo. Ngakhale pemphero la chakudya kunyumba ndinkanena ndine.

Ndinalemba pa kabolodi mafunso, iwo n'kumawerenga. "Bambo, mukukhulupirira Mulungu Atate, ndi Mwana, ndi Mzimu Woyera?" Atelala anati, "Eya." "Mukumva chisoni ndi machimo anu?" "Kwambiri." "Mukufuna kubatizidwa?" Anagwedeza mutu, kenaka anadzikakamiza kunena kuti, "Ndikufuna."

Ndinafufuta kuti ndilembe mawu a ubatizo, koma cholembera chinakana, inki itauma. Ndinachigwedeza, ndinachikanda pabolodi, osatheka. Mayi anandigwira dzanja.

"Siyani. Ndimawadziwa. Ndakhala ndikukumvani."

Ndinalowetsa dzanja pansi pa mutu wa atelala n'kuudzutsa pang'ono. Unali wopepuka ngati wa khanda. Anamwino anayala thaulo. Mayi anatenga kapu, anathira madzi katatu pachipumi, n'kunena momveka, wodi yonse ili chete: "Ine ndikukubatizani m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Sanalakwitse ngakhale pamodzi. Anaima pamene ine ndimaima, anatsindika pamene ine ndimatsindika.

Madzi ena analowa m'khutu. Atelala anati, "Ozizira." Kenaka anamwetulira. Makanika anati amen mokweza, bambo wa bedi la kukhomo naye anati amen, ngakhale ndi wachipembedzo china.

Anamwalira dzuwa likupendeka, mwana wawo atawagwira dzanja.

Mayi anakhala pabedi langa. Anati, "Musadzandichititsenso zimenezi." Ndinawapukuta manja ndi thaulo.

Lachinayi, 5 Juni

Andimwetsa madzi a mtundu n'kujambula kuti aone ngati bala la mkati likudontha. Silikudontha. Achotsa chubu cha m'mphuno. Supuni yoyamba ya tiyi inatsika pang'onopang'ono ngati mlendo wosadziwa njira.

Wansembe wa chipatala wabwera. Mayi anamufotokozera za Lachiwiri ali chogwada, ngati akudziulula mlandu. Anafunsa mawu amene ananena, anabwereza. Anati, "Mayi, ubatizo umenewo ndi wathunthu ngati wa episikopi." Kenaka anandipatsa kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia. Ndinameza.

Zotsatira za chotupa: achotsa chonse, koma kamwanabere kamodzi ka m'khosi kanali ndi matenda. Ndiyenera kuwotchedwa ndi makina milungu isanu ndi umodzi bala likapola. Adokotala sakulonjeza. Ati mwayi ulipo wabwino. Ndaulandira momwemo.

Lachisanu, 6 Juni

Kwabwera mayi wophunzitsa kuyankhula. Akuti ndizimeza mpweya n'kuubweza ngati kugeya, ndipo pa kugeyapo ndiziumba mawu. Mwamuna wamkulu, katekisiti, kuphunzira kugeya pamaso pa anthu. Ndayesa mpaka m'mimba mwatupa. Kamodzi kokha panatuluka kanthu konga "pa." Makanika akuti wamva "sipeya."

Iye amutulutsa mawa, ndi ndodo ziwiri. Wapempha kubwereka buku. Ndalemba kuti: Mubweze. Wati, "Ndikabweza ndikamaliza onse. Ndikufuna ndione ngati muli makanika."

Ndisanamupatse ndilisunga kaye usiku umodzi.

Loweruka, 7 Juni

Nanenso anditulutsa Lolemba. Mayi aphunzira kugwiritsa makina okoka makhololo. Asoka tinsalu tophimba pabowo, titatu toyera, kamodzi ka Lamulungu.

M'mawa, makanika akulongedza, kunabwera mwana wa atelala. Maliro anaika dzana, pafupi ndi manda a amayi ake. Anabwera ndi mabisiketi kudzathokoza, anagwira mayi manja onse awiri nthawi yaitali. Kenaka anati ali ndi funso. Ku parishi kwawo akufuna kulemba bambo ake m'kaundula wa obatizidwa, ndipo amisiri a mtanda wa pamanda akudikira. Onse akufunsa chimodzi: dzina la ubatizo ndi liti? Anawapatsa dzina la woyera uti?

Mayi anagwira pakamwa. "Mayo ine! Bambo, tinaiwala dzina!"

Ndi zoona. Pa chipwirikiti chija palibe anaganizako. Ine amene ndasankhira mayina anthu mazanamazana sindinakumbuke.

Makanika anatulutsa buku m'chikwama chake. "Musadandaule, tisankhe pompano. Muli ambirimbiri muno. Alipo telala?"

Ndinalandira bukulo, ndinaliika pamiyendo. Ndinaganiza za bambo uja pa benchi panja pa tchalitchi, zaka zonsezo, akumvera kwaya yovala madiresi amene anasoka iye, kudikira mkazi wake kuti abwerere limodzi kunyumba. Sindinalitsegule. Ndinatenga kabolodi n'kulemba, ndipo mayi anawerenga mokweza:

"Ubatizo ndi wathunthu. Lembani dzina lawo lomwelo, limene mayi anu ankawaitana nalo."

Mwanayo anati, "Koma dzina limenelo si la woyera aliyense."

Ndinafufuta ndi chikhatho, n'kulembanso:

"Ayambe ndi iwo."